Mark Hall North: dera lomwe linayambira papepala

M'phunziro la Jogalafe timamva kuti malo ena okhala anthu amangokula okha, pomwe ena amachita kukonzedwa. Mark Hall North, m'tauni ya Harlow ku England, ndi dera la mtundu wachiwiriwu.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, nyumba zambiri za mu London zinali zitagumulidwa ndi mabomba, mabanja ali thithithi m'tizipinda. Mu 1946 boma linapanga lamulo lomanga matauni atsopano kunja kwa mzindawo. Harlow, m'chigawo cha Essex, inasankhidwa mu 1947, ndipo pulani yake anajambula ndi katswiri wa zomangamanga Frederick Gibberd. Dera loyamba kumangidwa linali Mark Hall North.

Chimene chandigwira mtima ndi ichi: Gibberd ankayeza dera ndi miyendo ya munthu. Ankafuna kuti sukulu ya pulayimale ikhale pafupi, mwana azingoyenda pang'ono wafika. Masitolo anawaika pamalo otchedwa The Stow, mafakitale padera ku Templefields, ndipo panali njira zawozawo za njinga. Pakati pa dera ndi dera anasiyapo udzu ndi mitengo dala. Ife amene timadzuka tambala woyamba n'kufika pa asembule thukuta lili kamukamu, tikudziwa kufunika kwa maganizo amenewa, eti?

Ngakhale nyumba yosanja yotchedwa The Lawn, yomwe inatha mu 1951 ndipo imadziwika kuti ndi yoyamba ya mtundu wake ku Britain, anaiimika mozemba mitengo yakale yomwe anaipeza pamalopo. Sanaigwetse ayi. Anaikanso ziboliboli panja, pakati pa nyumba za anthu wamba, monga chosema cha Barbara Hepworth ku Glebelands.

Koma nyumba sankangopatsa aliyense. Kawirikawiri munthu ankayenera kupeza kaye ntchito m'tauniyo. Choncho obwera ambiri anali mabanja achinyamata, ndipo ana anabadwa ochuluka zedi mpaka Harlow anaipatsa dzina loti Pram Town, kunena tingolo tokankhiramo makanda tomwe tinadzaza m'misewu.

Apa mpomwe ine ndikuona kuti pulani inaperewera. Agogo, azakhali ndi anansi akale anatsala ku London. Mayi ali ndi khitchini yatsopano, bafa m'nyumba momwemo ndi kadimba kuseri, koma mwana akadwala usiku palibe mbale womugogodera. Amayi ambiri m'matauni atsopanowa ankadandaula za kusungulumwa. Kwathu kuno mpopi ulibe, koma khonde la agogo lili pompo. Papepala la Gibberd panali sukulu, masitolo ndi mitengo. Achibale anadzapezeka patapita zaka, ana a m'tingolo aja atakula n'kukwatirana konko.