Wilo ndi Chuma cha Masiye: Zomwe Ndidaphunzira Amalume Atamwalira

Amalume anga adamwalira mu 2014 osasiya wilo. Tsiku lometa lisadafike, njinga, makina osokera ndi malata makumi awiri zidali zitachoka kale pakhomo pawo. Ndikuvomera kuti nanenso ndidanyamulako mipando, poti akuluakulu adandiuza kuti kwathu kwa Achewa mwana wa mlongo ndiye amalowa chuma cha malume ake. Akazi awo adangokhala pakhonde nkumatiyang'ana, ana atatu ali pambali.

Padapita zaka ndisadadziwe kuti zomwe tidachitazo udali mlandu. Lamulo loona za chuma cha masiye la mu 2011, lomwe lidalowa m'malo mwa la mu 1967, lidasintha zinthu kwambiri. Lamulo lakale linkapereka gawo kwa achibale olowa chuma mwa mwambo. Latsopanoli limati munthu akamwalira wopanda wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi ena omwe ankadalira malemuyo, kuti asavutike. Wamasiye ali ndi ufulu wosunga katundu wam'nyumba, ndipo wolanda chuma cha masiye akhoza kumangidwa.

Wilo ndi chikalata chomwe munthu amafotokozamo m'mene chuma chake chidzagawidwire iye akadzamwalira. Munthu wa zaka 18 kapena kupitirira, wamaganizo abwinobwino, akhoza kulemba. Asayine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisayine iye akuona. Nkwanzeru kuti mbonizo zisakhale anthu omwe adzalandireko kanthu, chifukwa apa ndi pomwe mikangano imayambira. Atchulemonso munthu wokhulupirika wodzayendetsa ntchito yogawa. Sikuti mpaka loya ndiye alembe, ngakhale loya amathandiza kuti mawu asakhale okhota. Chikalatacho chisungidwe pamalo odziwika, monga kukhoti kapena kwa loya. Kuchibisa pansi pa mphasa nkusewera, pakuti woyamba kuchipeza akhoza kukhala yemweyo amene sichikumukomera.

Ambiri timaopa kuti kulemba wilo nkudziitanira imfa. Amalume nawonso ankatero, ndipo adamwalirabe.

Nanga ana akakhala aang'ono? Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sangayendetse nyumba ya lendi. Apa kholo likhoza kukhazikitsa chomwe a zamalamulo amachitcha trust: chuma chimaikidwa m'manja mwa munthu kapena bungwe loti lichisamale m'malo mwa anawo, kuwalipirira fizi ndi zina, kufikira msinkhu womwe kholo lidatchula. Wosungayo alibe ufulu wodyako. Amalume akadachita izi, mwana wawo woyamba sakadalekezera sukulu mu Fomu 2.

Palinso chikalata china chomwe ambiri amachisokoneza ndi wilo, chotchedwa power of attorney. Ichi chimapatsa mnzako mphamvu zokuchitira zinthu iwe uli moyo, monga kusayina mapepala a puloti uli ku Johannesburg kapena uli gone m'chipatala. Mphamvuzo zimatha mwini wake akangomwalira. Choncho m'bale wotapa ndalama ku banki ndi chikalata chotere maliro atachitika akulakwira lamulo.

Chaka chatha ndidapita kukabweza mipando ija. Mayi aja adailandira mosanena zambiri, nkundifunsa ngati makina osokera aja adakalipo. Adagulitsidwa kalekale.