CAMBA, LAMULO NDI MWAZI: PHUNZIRO LOCOKERA KU MEXICO

Camba si cacilendo m'midzi ya kuno, ndipo makolo ambiri adziwa cisoni ca kuona mwana wao atasokonezeka naco nzeru. Komatu ku maiko ena malonda a camba ndi a mankhwala ena oledzeretsa akhetsa mwazi wa anthu amene sanasutepo konse. Phunziro ili lilongosola m'mene zinacitikira ku Mexico, dziko lokhala kumwera kwa United States. Malire a maiko awiriwa ndi otalika pafupifupi mamailosi 2,000.

1. Lamulo loletsa

Boma la Mexico linaletsa camba m'caka ca 1920. United States inatsatira mu 1937, ndipo mu 1961 maiko ambiri anapangana ku New York kuti camba ciwerengedwe pamodzi ndi mankhwala oopsa. Colinga cinali cabwino, ndico kucinjiriza anthu. Koma ogula ku United States anatsala ocuruka, ndipo kanthu kakaletsedwa mtengo wake umakwera, pakuti wonyamula amafuna malipiro olingana ndi ndende imene aiopa. Kotero camba colimidwa ndi amphawi m'mapiri a Sinaloa cinkasanduka cuma cambiri cikangooloka malire.

A ku United States anali ataziona kale zotere. Kuyambira 1920 kufikira 1933 analetsa kugulitsa mowa, ndipo magulu a acifwamba, monga la Al Capone mu mzinda wa Chicago, analemera ndi mowa wozembetsa. Pa 14 February 1929 amuna 7 anaomberedwa tsiku limodzi pa mkangano wa malonda amenewo.

2. Malonda opanda bwalo

Munthu akabwereka ng'ombe nakana kubweza, mwini wake amapita kwa mfumu, mboni ziitanidwa, mlandu nuweruzidwa. Koma wogulitsa zoletsedwa sangathe kukasuma mnzake ku bwalo, cifukwa adzadziulula yekha. Tsono ngongole, cinyengo ndi kulandana njira, zonse ziweruzidwa ndi mfuti. Pamene ndalama zacuruka, magulu amagula zida, ndipo zambiri za izo zicokera ku United States komweko. Amaguliranso apolisi ndi oweruza ndi ziphuphu, ndipo wokana ciphuphu amaopsezedwa ndi imfa.

3. Mizinda iwiri pa mtsinje umodzi

Mu December 2006 Pulezidenti Felipe Calderón anatumiza asilikali oposa 6,000 ku cigawo ca Michoacán kukathyola magulu amenewa, amene ankanyamula camba, cocaine ndi heroin. Atsogoleri ena anagwidwa, ena anaphedwa, koma otsala anagawikana nayamba kulimbirana malo osiyidwawo, ndipo kuphana kunakula.

Mzinda wa Ciudad Juárez uli m'mbali mwa mtsinje wa Rio Grande, ndipo tsidya lake kuli El Paso, mzinda wa United States. Magulu awiri, la Sinaloa ndi la Juárez, anamenyanirana dooko limenelo. M'caka ca 2010 ku Juárez kunaphedwa anthu oposa 3,000, pamene ku El Paso kunaphedwa 5 okha. Mu January wa caka comweco amuna a mfuti analowa m'nyumba m'mene munali phwando, napha anthu 15, ambiri a iwo ana a sukulu osadziwa kanthu za malondawo. Pofika 2022 m'kaundula wa boma la Mexico munali maina oposa 100,000 a anthu osowa, amene abale ao sadziwa ngati ali moyo kapena ali m'manda.

4. Oyesa njira yina

Poona izi, ena anaganiza kuti boma litenge malonda a camba m'manja mwa acifwamba. Zigawo za Colorado ndi Washington ku United States zinavomereza camba mu 2012, dziko la Uruguay mu 2013, Canada mu 2018. Camba cozembetsa kucokera ku Mexico cinacepa ndithu. Koma maguluwo sanaleke nchito. Anatembenukira ku mankhwala opangidwa, makamaka fentanyl, amene kacidutswa kocepa kakwanira kupha munthu. Mu 2022 anthu oposa 100,000 ku United States anafa ndi mankhwala oledzeretsa. Joaquín Guzmán, mkulu wa gulu la Sinaloa, anaweruzidwa ku New York mu 2019 kuti akhale m'ndende moyo wake wonse, koma malondawo sanaime.

Kotero kuletsa kokha sikunathetse kusuta, ndipo kuvomereza kokha sikunathetse kuphana. Muzu wa mwazi ndiwo phindu lalikuru lokhala kunja kwa bwalo, ndipo phindulo licokera m'thumba la wogula.

5. Cenjezo kwa a kuno

Malawi mu 2020 ndi Zambia mu 2021 anakhazikitsa malamulo olola kulima camba ca mankhwala a m'cipatala ndi ca mafakitale, kwa okhawo ali ndi cilolezo ca boma. Kusuta, kugulitsa ndi kulima popanda cilolezo ukali mlandu. Mnyamata wouzidwa kuti thumba limodzi lidzamgulira njinga akumbukire mau a akulu akuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula akamnyenga, alibe kokasuma. Akagwidwa, omtuma sadzamdziwa.

Mafunso okambirana

1. Cifukwa ninji malonda oletsedwa amaitana mfuti?
2. Kodi wogula ali ndi gawo lanji pa mwazi wokhetsedwa kutali ndi iye?
3. Mafumu ndi makolo angathandize bwanji mnyamata wogwa m'kusuta, asanafike ku ndende?