Kuchotsa Cheya ndi Laser: Yambani Mwafunsa za Makina

Mmalawi wokhala ku London, Dublin kapena Johannesburg akaona zotsatsa za kuchotsa cheya ndi laser, amayamba wafunsa ngati zimapweteka. Zimapweteka ndithu, koma kwa kamphindi chabe, ngati kamphira kokokedwa kakuwombani pakhungu, ndipo kumlomo wapamwamba ndi m'mphechepeche ululu umaposa wa pamiyendo. Komabe kwa ife akhungu lakuda funso lofunika kutsogola ndi lakuti: makina ake ndi amtundu wanji?

Njirayi inachokera pa zimene Rox Anderson ndi John Parrish anafotokoza mu 1983. Kuwala kwa laser kumayamwidwa ndi melanin, amene amadetsa tsitsi, n'kusanduka kutentha kowononga muzu. N'chifukwa chake imvi sizitheka kuchotsedwa motere, ndipo munthu amapitako maulendo 6 kapena kuposa, motalikirana milungu 4 mpaka 6, popeza laser imagwira bwino tsitsi lokhalo limene likukula nthawi imeneyo. Vuto lathu n'lakuti melanin yemweyo ndi wochuluka pakhungu pathu. Makina a alexandrite, a 755 nm, komanso a IPL, amene si laser n'komwe, angawotche khungu limodzi ndi tsitsi, n'kusiya matuza ndi mawanga okhalitsa miyezi. A Nd:YAG, a 1064 nm, kuwala kwake kumalowa mwakuya osayamwidwa kwambiri pamwamba, ndipo ndi amene madokotala a khungu amadalira pa khungu lakuda. Amathandizanso abambo amene ndevu zimawatulutsa ziphuphu akameta.

Wina anganene kuti Nd:YAG imapweteka kuposa makina enawo. Ambiri amaterodi, koma ululu wa kamphindi sungafanane ndi chipsera chakumaso, ndiponso makina abwino amaziziritsa khungu ndi mpweya kapena chitsulo chozizira. Wina angati adzangopaka mankhwala ochititsa dzanzi. Apa ndikuchenjezeni kwambiri: mu 2007 bungwe la FDA ku America linachenjeza anthu atamwalira amayi awiri amene anapaka mankhwala otere miyendo yonse n'kuikulunga ndi pulasitiki. Komanso ululu uli ndi ntchito, chifukwa kutentha kukapitirira m'malo mozizirira, ndiye kuti khungu likupsa ndipo muyenera kunena kuti asiye.

Musaganize kuti poti ndi kunja ndiye kuti boma layendera malo onse. Ku England, kuyambira mu 2010, bungwe la Care Quality Commission silimayang'aniranso malo ochotsa cheya pofuna kukongoletsa chabe. Tsono funsani dzina la makina, funsani ngati anathandizapo anthu akhungu ngati lanu, ndipo ayambe ayesa pakamalo kakang'ono mudikire masiku angapo. Metani ndi lezala kutatsala tsiku limodzi kuti mupiteko koma musazule cheya, ndipo ngati mumadzola mafuta oyeretsa khungu, nenani poyera. Mayi amene ndevu zayamba kumera mochuluka, makamaka ngati msambo ukusokonekera, ayambe waonana ndi dokotala asanalipire, chifukwa mwina gwero lake ndi matenda otchedwa PCOS, amene laser singachize.