Kwaya ya m'dera ndi sukulu ya maimbidwe

Achinyamata ambiri a m'boma la Nkhotakota amaganiza kuti luso loimba limapezeka kusukulu zolipira zokha. Komatu sukulu yapafupi ilipo kale, ndiyo kwaya ya m'mudzi, ya kusukulu kapena ya kumpingo. Makwaya si achilendo kuno. Mishoni ya UMCA idakhazikika ku Nkhotakota mu 1894, ndipo lero makwaya akumveka kutchalitchi cha All Saints ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa.

Wolowa kumene ayambe walola mtsogoleri wa kwaya kuti amve mawu ake. Kwaya imagawidwa panayi: sopulano ndi alito, omwe kawirikawiri amaimba ndi amayi ndi ana, komanso tena ndi besi, omwe amaimba ndi abambo. Wokakamira gulu losayenerana ndi mawu ake amasasa msanga, ndipo amasokoneza anzake.

Chachiwiri ndi khutu. Masabata oyamba, wophunzira aziima pafupi ndi munthu wodziwa bwino nyimbo, aziimba motsitsa kuti azimva mnzakeyo. Amene akudzimva yekha ndiye kuti wakweza mopitirira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu ndi manotsi. Makwaya ambiri m'Malawi amagwiritsa ntchito njira ya solofa, yomwe John Curwen adaifalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo amishoni adabwera nayo kuno. Manotsiwa amalembedwa ndi malembo asanu ndi awiri: d, r, m, f, s, l, t. Wowadziwa angathe kuphunzira nyimbo yatsopano papepala, ngakhale kulemba yakeyake. Kope ndi pensulo n'zokwanira.

Chachinayi ndi kupuma. Woimba aziimirira mowongoka, azikoka mpweya mpaka mimba ifufume, mapewa asakwere. Azimwa madzi okwanira, apewe utsi wowambira nsomba pa tsiku loimba, ndipo nyengo ya mwera azivala zofunda.

Koma chimene chimapha makwaya ambiri ndi kujomba. Kuno asodzi a usipa amagona panyanja, alimi a mpunga amaswera kudambo, ndipo ophunzira ali ndi mayeso. N'chifukwa chake mamembala ayenera kugwirizana tsiku ndi ola lotheka kwa onse, monga masana asodzi asanakankhe mabwato, ndi kulisunga. Oimba besi awiri akasowa, nyimbo yonse imapepuka, ndipo obwerawo amagwa ulesi.

Wofuna kulowa afunse kwa mtsogoleri wa kwaya yapafupi, apite tsiku lokonzekera kukamvetsera, kenaka afunse malamulo a gululo ndi za zopereka ngati zilipo. Kumene kulibe kwaya, anthu khumi ndi awiri, atatu pa gulu lililonse la mawu, ndi okwanira kuyambitsa. Adziwitse a mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi kuti awathandize malo okumanirapo.