MLANDU WA PHEWA KU AMEREKA

Anzanga, ambiri a ife tinabayidwapo katemera pa mkono, ndipo tidziwa kuti ululu wace utha pa masiku awiri kapena atatu. Koma alipo ena amene phewa lao silicira msanga. Alephera kukweza mkono, kubvala malaya, ngakhale kugonera mbali imeneyo. Ndifuna ndikufotokozereni m'mene dziko la Amereka liweruzira nkhani yotere.

Poyamba timve cimene cicitika m'thupi. Katemera ayenera kulowa pakati pa mnofu wokhuthala wa kumtunda kwa mkono, umene madotolo aucha deltoid. Kunsi kwa mnofu umenewu, pafupi ndi mfundo ya phewa, kuli kathumba ka madzi kofewetsa mfundoyo. Wobaya akalasa pamwamba kwambiri, singano ipyola nilowa m'kathumbamo, ndipo mankhwala atupitsa malo onsewo. Cotero cobvuta siciri m'mankhwala ai, koma pa malo amene singano yagwera. Mu 2010 madotolo ena analemba za anthu 13 opweteka motere, nacha bvutoli SIRVA.

Kuyambira caka ca 1988, wopwetekedwa ndi katemera ku Amereka akadandaula ku bwalo la milandu la mu Washington lochedwa Court of Federal Claims. Cipukuta misozi cicokera ku msonkho wa masenti 75 pa nthenda iriyonse imene katemerayo ateteza. Katemera wa nthenda zitatu akhoma masenti 225.

Mu 2017 bvuto la phewa linalembedwa pa mndandanda wa zobvulala zimene bwalolo libvomereza. Apa ndipo pandikondweretsa ine, pakuti wodandaula safunikira kuloza cala namwino kapena mwini mankhwala. Angosonyeza kuti ululu unayamba pasanathe maora 48, kuti uli pa phewa lobayidwalo, ndi kuti phewalo linalibe nthenda kale. Bvutolo likhale lopitirira miyezi isanu ndi umodzi, ndipo dandaulo lifike pasanathe zaka zitatu. Munthu wopirira, amene angoti "cipola cokha" osapita ku cipatala, ndiye aluza, cifukwa oweruza ayang'ana makalata a dotolo. Pa ululu wokha salipira zoposa madola 250,000, koma ndarama za cipatala ndi malipiro a nchito otayika awerengera padera.

Si katemera yense alowa m'bwaloli. Obvulala ndi katemera wa COVID-19 anawatumiza ku cilinganizo cina, kumene dandaulo liyenera kufika pasanathe caka cimodzi, ndipo ululu salipira konse.

Ku Britain nkosiyana. Lamulo lao la mu 1979 lipereka mapaundi 120,000 nthawi imodzi, koma kwa munthu yekhayo amene walumala kufika pa magawo 60 mwa 100. Ine ndiona kuti muyeso umenewu ngwouma, pakuti mmisiri wa matabwa wolephera kukweza mkono wace wamanja akhoza kutaya nchito, koma osafika pa 60 pamenepo.

Wophunzira wa mu Fomu 3