Mpatseni Mwana Kamunda Kace

Inu eni mabanja a ku Masasa, taonani malo amene mukhalapo. Nyumba zanu ziri pa zitunda, ndipo mvula ya ku Mzuzu ndi yambiri. M'mwezi wa April 2016 madzi anagumula nyumba zambiri m'mzinda uno, za ku Masasa zomwe. Nthaka yosasungidwa imuka ndi madzi, ndipo mwana wosaphunzitsidwa ici adzalowa m'munda wopanda conde.

Cifukwa cace mpatseni mwana ali yense kamunda kace, kangakhale kakang'ono. Poyamba aphunzire kuunga mizere yopingasa citunda, yosatsika naco, ndi kubzala udzu wa vetiva m'mphepete, pakuti mizu yace igwira dothi. Asatenthe mapesi ndi masamba, koma awaunjike m'dzenje pamodzi ndi zitosi za nkhuku, kuti asanduke manyowa.

Pakati pa cimanga abzale nyemba, mtedza kapena nandolo. Zulani tsinde limodzi, nimumuonetse timibulu ta pa mizu; m'menemo mbeu izi zisunga conde cocokera mumpweya. Alimi ozungulira cipatala ca Ekwendeni anayamba kulimbikira kalimidwe kotere m'caka ca 2000, pofuna kuti ana ao aleke kuonda ndi kudwaladwala.

Potsiriza, zokolola zace zilowe mumphika wa pakhomo, musagulitse zonse. Phala la ufa woyera lokha lidzaza mimba, koma silikuza mwana. Thiranimo nsinjiro, ndiwo zikhale bonongwe, nkhwani, dzira kapena usipa, ndi nthoci pambuyo pace. Mwana sakana kudya cimene anabzala yekha. Yambani dzinja lino, pakuti kuongola mtengo mpoyamba.