Chipatala cha pa Foni: Ubwino Wake ndi Pofunika Kuchenjera

Pamene Mishoni ya ku Mvera inakhazikitsidwa m'chaka cha 1889, munthu wodwala ankanyamulidwa pamachira, kukwera mapiri ndi kutsika makwawa, kuti akapeze thandizo. Mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi akali pomwepo, koma masiku ano malangizo a zaumoyo atha kufika pakhomo kudzera pa foni ya m'manja.

Ntchito imeneyi dzina lake ndi Chipatala cha pa Foni. Inayamba m'boma la Balaka m'chaka cha 2011 mothandizidwa ndi bungwe la VillageReach, ndipo poyamba inali ya amayi apakati ndi ana aang'ono okha. Pambuyo pake inafalikira m'dziko lonse, ndipo m'chaka cha 2020 inaperekedwa m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo.

Ubwino wake ngwoonekeratu. Mayi wapakati atha kufunsa za zakudya ndi za sikelo ali pamkeka pake, osataya ndalama ya minibasi ya pamsewu wa ku Salima. Mnyamata wamanyazi, amene sangatchule nthenda yake pamaso pa anthu a m'mudzi mwake, amamasuka polankhula ndi munthu amene sakumuona.

Komatu kusaonanako ndiko kumene kuli vuto. Woyankha foni amangomva mawu. Sangakhudze thupi la mwana, sangamvere m'chifuwa, ndiponso sangayeze magazi. Kholo likanena kuti mwana watentha thupi, atha kukhala malungo, atha kukhala chibayo, kapena nthenda ina, ndipo malungo amadziwika bwino poyeza magazi basi. Chifukwa chake woyankhayo akanena kuti wodwala apite kuchipatala, banja liyenera kunyamuka nthawi yomweyo, osati kudikira kuti kuche kapena kukagula mapiritsi pagolosale. Choopsa chachikulu ndi kuchedwa. M'zigwa zina netiweki imavuta, ndipo bambo atha kutaya nthawi yaitali ali pachulu kusakasaka netiweki, pamene mwanayo akufooka m'nyumba.

Zizindikiro zina sizifuna kuyamba ndi foni ayi. Mwana akakomoka, akamakana kuyamwa, akamasanza chilichonse kapena kupuma mobanika, ndiponso mayi wapakati akamataya magazi kapena kutupa nkhope ndi manja, ulendo wa kuchipatala uyambike msanga. Foni iimbidwe ali m'njira.

Palinso akathyali. Munthu woimba foni nadzitcha dokotala, nauza wodwala kuti atumize ndalama za mankhwala, asakhulupiriridwe. Wobwereka foni ya mnzake akumbukirenso kuti uthenga wa matenda ake ungawerengedwe ndi mwini foniyo.

Aphunzitsi ndi mafumu akupemphedwa kufunsa nambala yoyenera kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo, ndi kuilemba pakhoma la sukulu ndi pabwalo la mfumu.